Kugula Kiyi: Mbiri ya Nyumba za Anthu Athu m'Mizinda Yodula

Ife amene timagwira nchito pa wailesi ya m'dera timawerenga mauthenga a maliro pafupifupi tsiku lililonse. Ambiri ndi a kuno komwe ku Milange, koma sipatha sabata osamva kuti mwana wa uje wamwalira ku Maputo, ku Tete, ku Beira kapena ku Joni, ndipo acibale akusonkha ndalama zobweretsera thupi. Maliro akatha, akuluakulu amakhala pansi pa mtengo wa mango n'kufunsa funso limodzi: kodi kumeneko anasiyako nyumba? Yankho lake silimveka bwino. Wina amati inde, anagula. Wina amati ayi, anagula malo okha. Wina amene anapitako kusukulu amati malo sagulitsidwa, ndi a boma. Mai wamasiye amamasula nsonga ya kapulana n'kutulutsa kapepala kolembedwa pamanja, kosainidwa ndi mboni ziwiri, ndipo palibe amene akudziwa ngati kapepalako kali ndi mphamvu.

Cisokonezo ici sicinayambe lero. Kwa zaka zoposa 100, munthu wa kuno akanena kuti wagula nyumba m'tauni, cimene wagulaco cakhala cikusinthasintha. Nthawi ina anagula mitengo ndi malata okha, nthawi ina anapatsidwa cilolezo cokhalamo, nthawi ina anagula kiyi, ndipo lero amagula makoma popanda nthaka imene makomawo aimapo. Tiyeni tiitsate mbiriyi kucokera pamene inayambira, cifukwa ana athu akupitabe kumizinda, ndipo ndalama zimene akuika m'simenti ndi thukuta la zaka zambiri.

Pamene nyumba sinali malonda

Kwa makolo athu, Alomwe ndi Amang'anja a m'mbali mwa phiri la Tumbine, nyumba sinali cinthu cogula. Mnyamata akakwatira ankapita kucikamwini, apongozi n'kumulozera pomanga. Mitengo ankadula kuchire, udzu ankamweta kudambo, dothi ankakumba pakhomo pomwepo, ndipo anansi ankabwera kudzathandiza malinga pakhale thobwa kapena mowa. Banja likatha, mwamuna ankanyamula nkhwangwa ndi mphasa yake, nyumba n'kutsalira mkazi ndi ana. Cikalata panalibe, cifukwa mudzi wonse unali mboni.

Ndalama inalowa m'nkhani ya nyumba kudzera mwa atsamunda. Mbali ino ya malire dziko linagawidwa m'maprazo, ndipo Milange inali m'manja mwa kampani yochedwa Empresa Agrícola do Lugela. Anthu ankalipira msonkho wa mussoco, ena n'kumagwidwa cibalo. Tsidya lija, ku Nyasaland, Angelezi anaika msonkho wa nyumba m'zaka za m'ma 1890. Pothawa nkhanza za kuno, mabanja ambiri a Cilomwe anaoloka mtsinje wa Muloza n'kukakhala m'minda ya azungu ku Mulanje ndi ku Thyolo. Kumeneko anapatsidwa pomanga, koma renda yake inali thangata, kugwira nchito m'munda wa mwini malo kaya ukufuna kaya sukufuna. Aka kanali koyamba kuti anthu athu amange nyumba ndi manja awo pa nthaka imene wina angawacotsepo tsiku limene wafuna. Zimene anakumana nazo m'mizinda pambuyo pake sizinasiyane kwenikweni ndi zimenezi.

Citseko ca ku Halale

Mzinda woyamba wodula umene amuna a kuno anaudziwa sunali Lourenço Marques. Unali Salisbury, umene akuluakulu ankauchula kuti Halale. Njira yodzera ku Blantyre, Mwanza ndi Tete inali yodziwika kwa ife kuposa njira ya kummwera kwa dziko lathu lomwe, ndipo ambiri akafika kumeneko ankadzichula Anyasa kuti asabwezedwe m'manja mwa Apwitikizi. Kufikira m'zaka za m'ma 1950, anchito akuda ambiri a mumzindawo anali ocokera kunja kwa Southern Rhodesia, makamaka ku Nyasaland ndi ku Mozambique.

Lamulo logawa malo la 1930 linaika mzindawo m'cigawo ca azungu. Munthu wakuda sankaloledwa kugula nyumba m'kati mwake. Ankagona kuseri kwa nyumba ya bwana wake, kapena m'lokeshoni ya Harari, imene lero ndi Mbare. Lamulo lina la 1946 linati olemba nchito ndiwo azipezera anchito awo pogona, ndipo zimenezi zinamangirira denga ku nchito: ukacotsedwa nchito, wacotsedwanso m'nyumba. Amuna ambiri anaunjikidwa m'mahositelo, angapo m'cipinda cimodzi, ngati aja a Matapi amene adakalipo mpaka lero.

M'zaka za m'ma 1950 boma la kumeneko linayamba kulola anthu akuda a pabanja kugula nyumba molipira pang'onopang'ono ku Highfield. Eni dziko ambiri anali ndi kwawo pafupi, kumene ankasungako munda ndi ng'ombe, ndipo tauni ankaiona ngati kunchito cabe. Athu kwawo kunali kutali. Motero machona ndiwo anaika mtima wonse pa nyumba ya m'tauni. Anakwatira komweko, anayambitsa mabungwe othandizana pa maliro, machalichi ndi mizikiti yawo, ndipo gule wamkulu anayamba kuvinidwa m'malokeshoni a Halale. Acimwene awo a agogo anga anali m'gulu limeneli. Anacoka bambo anga ali mwana, ndipo cimene cinabwera kwathu ndi cithunzi cimodzi cokha: iwo ataima pakhomo la nyumba ya njerwa, dzanja lili pa citseko. Agogo ankacionetsa kwa alendo monyadira, koma pocibwezera m'bokosi ankati munthu akagula citseko kwa eni sabweranso.

Citseko cija sicinateteze zidzukulu. Mu 2001 dziko la Zimbabwe linasintha lamulo la unzika, ndipo ana ambiri a machona, obadwira komweko, anapezeka akuwerengedwa ngati alendo. M'mwezi wa Maio 2005 kunabwera Murambatsvina, pamene boma linagwetsa tinyumba tomangidwa kuseri kwa nyumba zina pamodzi ndi misika ya m'misewu. Lipoti la bungwe la Nações Unidas, lolembedwa ndi mai Anna Tibaijuka, linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera cakudya. Ogwetseredwawo ankauzidwa kuti abwerere kumidzi kwawo. Zidzukulu za anthu a ku Milange, Mulanje ndi Angónia zinalibe mudzi wobwererako. Malamulo aakulu a 2013 anabwezera unzika kwa ambiri a iwo, koma nyumba zogwetsedwa sizinadzukenso.

Mzinda wa simenti ndi mzinda wa bango

Lourenço Marques inakhala likulu la Mozambique mu 1898, ndipo inakula ngati mizinda iwiri yoyandikana. Woyamba ankauchula cidade de cimento, mzinda wa simenti, wa misewu ya phula, mipope ndi nyumba zosanja za ku Baixa ndi Polana. Waciwiri unali cidade de caniço, mzinda wa bango, kumene kunali Mafalala, Xipamanine ndi Chamanculo. Kufikira 1961, pamene lamulo la indigenato linathetsedwa, munthu wochedwa indígena ankayenda ndi caderneta yosonyeza amene akumugwirira nchito, ndipo usiku sankaloledwa kupezeka m'misewu ya mzinda wa simenti popanda cilolezo.

Nthaka yambiri ya ku bango inali ndi eni ake, ndipo wokhalapo ankalipira renda ya malo. Kumanga ndi njerwa kapena mabuloko kunali koletsedwa, cifukwa akuluakulu a mzinda ankafuna kuti tsiku limene simenti idzafune kukula, zogwetsa zidzakhale zopepuka. Munthu akati wagula nyumba, ndiye kuti wagula bango, mitengo ndi malata. Amene zinthu zinkawayenderako, monga manesi, anchito a ku njanji ndi obwerera ku migodi ya ku Joni, ankamanga ya matabwa ndi malata, imene ankaichula madeira e zinco. Ubwino wake unali wakuti ukathamangitsidwa umazula misomali n'kukaimika kwina. Cakumapeto kwa utsamunda ena anayamba kumanga makoma a mabuloko mobisa, kunja atachinga ndi malata kuti oyendera asaone. Madzi ankagula pa cigubu, nyengo ya mvula ankagona m'matope, ndipo moto ukabuka pa nyumba imodzi unkanyambita mzere wonse. Komabe m'malo amenewa ndimo munatuluka anthu ochuka. Eusébio wa mpira anabadwira ku Mafalala mu 1942, ndipo mlakatuli José Craveirinha anakhala komweko. Ku Beira ndi ku Quelimane nako malire a simenti ndi udzu ankaoneka ndi maso.

Tsiku limene renda inasintha mwini

Ufulu unabwera pa 25 Junho 1975, ndipo nthaka yonse inakhala ya boma. Pa 3 Fevereiro 1976, tsiku lokumbukira ngwazi, Samora Machel analengeza kuti nyumba zonse za renda ndi zonse zimene eni ake anazisiya zatengedwa ndi boma. Tsiku lomwelo anthu anamva kuti likulu lidzichedwa Maputo. Banja linkaloledwa kusunga nyumba imene likukhalamo ndi ina imodzi yokapumulirako, koma kubwereketsa nyumba kuti upezepo ndalama kunatha. Nyumba zotengedwazo zinaikidwa m'manja mwa bungwe la APIE.

Tisaipeputse nkhani imeneyi. Mabanja amene anabadwira m'bango analowa m'nyumba zosanja zimene kale ankangolowamo kukakolopa. Ana awo anakulira pafupi ndi sukulu ndi cipatala, renda yake ili yocepa. Koma lamulo lomwelo linagwiranso anthu akuda a ku bango amene anamanga tizipinda tingapo ta renda kuti tidzawasunge paukalamba. Ndiponso popeza renda inali yocepa ndipo boma linali ndi nyumba zambiri kuposa mphamvu zake, zokonza zinasowa. Zikepe za m'nyumba zosanja zinaima, mipope inaphulika, utoto unasuluka. Kumanga nyumba zatsopano kunatsala pang'ono kuimiratu.

M'zaka zimenezo nyumba sinkagulidwa, inkapatsidwa. Cofunika cinali mapepala: kalata ya kunchito, umboni wa grupo dinamizador la m'bairro, ndi guia de marcha ngati ukucokera kwina. Mu 1983 kunabwera Operação Produção, ndipo anthu a m'mizinda amene analibe mapepala osonyeza nchito ndi kokhala anatengedwa n'kukasiyidwa ku Niassa ndi ku Cabo Delgado. Monga zinalili ku Halale, denga linadaliranso pepala la nchito.

Ife a ku Milange zonsezi tinkangozimva pa wailesi, ndipo posakhalitsa tinali ndi zathu zotidetsa nkhawa. Mu 1986 nkhondo inalowa m'tauni yathu. Ndinali mwana wamng'ono, koma ndikukumbuka bambo akukhoma citseko ndi loko, n'kuika kiyi m'thumba la malaya, ife tili kale panjira ya ku Muloza ndi mitolo pamutu. Kiyi ameneyo anamusunga zaka zonse zimene tinakhala ku Malawi, kumene othawa nkhondo a ku Mozambique anafika pafupifupi 1,000,000. Titabwerera mtendere wa pa 4 Outubro 1992 utakhazikika, tinapeza palibe citseko, palibe denga, mkati mwamera chire. Anzathu a zigawo zina anathawira m'mizinda. Ku Maputo anamanga paliponse pamene panali mpata, m'zigwa ndi m'mbali mwa njanji. Ku Beira anadzaza Grande Hotel, imene inatsekedwa kalekale, ndipo mabanja akukhalamobe mpaka lero.

Malonda a kiyi

Mu 1987 boma linayamba ndondomeko yokonzanso cuma, ya PRE. Mitengo ya zinthu inakwera, metical inacepa mphamvu, ndipo renda ya APIE inasanduka ndalama yosagula ngakhale cakudya ca masiku ocepa. Nthawi yomweyo mumzinda munadzaza mabungwe othandiza, akazembe, kenaka anchito a ONUMOZ amene anabwera kudzayang'anira mtendere pakati pa 1992 ndi 1994. Onsewa ankafuna nyumba zabwino ndipo ankalipira madola. Wokhala m'nyumba ya boma sakanatha kuigulitsa, popeza sinali yake. Cimene akanatha kugulitsa ndi kiyi. Wogula ankapereka ndalama zambiri, kulandira kiyi, n'kupeza njira yosinthira dzina pa pangano la renda. Mcitidwe umenewu unadziwika ndi dzina lakuti venda de chaves. Sunali m'lamulo lililonse, koma mzinda wonse unkaudziwa.

Mu 1991 kunatuluka lamulo lolola nzika zokhala m'nyumba za boma kuzigula, ndipo mtengo wake unali wotsika kwambiri poyerekeza ndi umene nyumbazo zikanagulidwa pamsika. Ambiri atagula sanakhalemo. Anaziika pa renda kapena kuzigulitsa, iwo n'kukamanga ku Matola, Magoanine kapena Zimpeto. Ena cuma ca banja lawo lonse cinayambira pomwepo.

Apa pali cinthu cimene tiyenera kucimvetsa tisanayambe kunyoza ana athu kuti akulephera. Nyumba za m'mizinda ya dziko lino zinagawidwa mochipa kawiri: mu 1976, pamene anthu analowamo, ndi kuyambira 1991, pamene anazigula. Maulendo onse awiri ife kunalibeko. Poyamba tinali m'minda ya tiyi ndi ya cimanga, kaciwiri tinali m'misasa ya othawa nkhondo. Mnyamata wa ku Milange amene akutsika basi pa Junta lero, atadutsa Mocuba, Nicoadala ndi mlatho wa pa Caia umene unatsegulidwa mu 2009, akulowa mumzinda umene magawo ake anatha kale. Cilicose ayenera kucigula pa mtengo wa lero, ndi malipiro a mlonda, wogulitsa m'msewu kapena mphunzitsi.

Makoma popanda nthaka

Lamulo la malo limene tikuyendera ndi la pa 1 Outubro 1997. Limanena momveka kuti nthaka ndi ya boma, ndipo singagulitsidwe kapena kuikidwa cikole. Cimene munthu amakhala naco ndi ufulu wogwiritsa nchito malowo, umene timauchula DUAT. Ufuluwu umapezeka m'njira zitatu: mwa mwambo wa makolo, mwa kukhala pamalo mosabera wina kwa zaka zosacepera 10, kapena mwa kupempha ku boma. Lamuloli limavomereza umboni wapakamwa wa anthu a m'mudzi, ndipo silisiyanitsa mwamuna ndi mkazi. Kumudzi limatiteteza ndithu. Limalolanso kugulitsa zimene munthu wamanga kapena kudzala pamalopo, ndipo m'tauni nyumba ikagulitsidwa mwa dongosolo, ufulu wa malo umatsatira nyumbayo.

Pa khomo limeneli ndi pamene msika wonse wa mapuloti umalowera. Pa pepala amalemba kuti wagulitsa mtengo wa mango, mpanda kapena maziko, koma onse awiri akudziwa kuti ndalamayo ndi ya nthaka. Amaitana chefe do quarteirão ndi secretário wa bairro kuti acitire umboni, n'kulemba declaração. Pepala limeneli ndi lothandiza, koma si DUAT. Mlamu wanga anaphunzira zimenezi movutika. Anasunga ndalama zaka zinai akugwira ulonda usiku, n'kugula puloti kunja kwa Maputo. Atabwera ndi galimoto ya mcenga anapeza munthu wina akukumba maziko pamalo pomwepo, nayenso ali ndi pepala losainidwa ndi wogulitsa yemweyo. Mlandu unatha mwakuti amene anayamba kumanga ndiye anatsala, ndipo mlamu wanga anabwezeredwa theka la ndalama zake patapita caka. Safunsa anadya phula, koma iye anafunsa ndithu, kungoti anafunsa wogulitsa yekha.

Mtengo wa malo umatsata msewu. Pamene msewu wa Circular unazungulira mzinda, minda ya ku Marracuene inasanduka mapuloti. Mlatho wa Maputo ndi Katembe utatsegulidwa mu Novembro 2018, tsidya la nyanja nalo linadula. Boma linakhazikitsa Fundo de Fomento de Habitação mu 1995 kuti lithandize anthu kupeza nyumba, ndipo nyumba zosanja za ku Zimpeto, zimene zinamangidwira masewera a maiko a mu Africa a 2011, zinagulitsidwa kudzera m'bungweli. Koma nyumba zotere, pamodzi ndi ngongole za kubanki, zimafuna malipiro a mwezi ndi mwezi olembedwa pa pepala, ndipo ciwongoladzanja ca m'dziko lino n'cokwera. Anthu athu ambiri safikako.

Ndiye amamanga monga mbalame imangira cisa. Caka coyamba ndi mpanda ndi cimbudzi. Caka caciwiri ndi cipinda cimodzi ca kumbuyo, kuti acoke pa renda. Simenti amagula thumba limodzi kapena awiri pamwezi, ndipo ikafika nthawi yake yolandira xitique amaitana mmisiri kuti aumbe mabuloko. Nyumba yaikulu imaima pa mawindo zaka zingapo, zitsulo zitaloza kumwamba. Katundu woyamba kulowa ndi mphasa, mbaula, mapoto awiri ndi zigubu za madzi. Matiresi amabwera pambuyo, ndipo firiji imafika sofa isanafike, cifukwa firiji imagulitsa madzi ozizira n'kubweza ndalama. Magetsi ndi a Credelec, ogula pasadakhale. Madzi m'mabairro ambiri atsopano amacokera kwa munthu amene anakumba mjigo wake n'kukoka timipope kupita kwa anansi. Ndipo popeza puloti yochipa ili kutali, mwini nyumba amadzuka kusanace, kukwera chapa ziwiri kapena kuimirira kumbuyo kwa lole zija amati My Love, kuti akafike kunchito mumzinda wa simenti. Ndalama imene anaipulumutsa pogula malo amailipira tsiku ndi tsiku panjira.

Pali mtengo winanso umene sulembedwa. Nyumba ya mwana wa ku Milange mumzinda ndi pofikira pa mudzi wonse. Wodwala wotumizidwa ku cipatala cacikulu, mphwake wofuna sukulu, msuweni wofuna nchito, onse amafikira pomwepo, ndipo mwambo wathu sulola kubweza mlendo pakhomo. Womanga nyumba m'tauni aziwerengeratu mphasa za alendo.

Si Maputo yokha. Ku Tete, malasha a ku Moatize atayamba kutumizidwa kunja mu 2011, renda inakwera mwakuti eni nyumba ena anasamukira m'tizipinda ta kuseri n'kupereka nyumba zawo kwa makampani. Mtengo wa malasha utatsika patapita zaka zocepa, alendo ambiri anacoka, ndipo amene anakongola ndalama kuti amange nyumba za renda anatsala ndi ngongole.

Cinanso cimene mbiri ikutionetsa n'cakuti malo ochipa mumzinda wodula amakhala ndi cifukwa cake. Madzi osefukira a mu 2000 anagumula nyumba za m'zigwa za Maputo, ndipo opulumuka anakaikidwa m'matenti ku Magoanine, dera limene mpaka lero limachedwa Matendene. Mu Fevereiro 2018 phiri la zinyalala la ku Hulene linagumukira nyumba za anthu usiku n'kupha anthu oposa 15. Mu Março 2023 namondwe Freddy anagwetsa matope ndi miyala ya phiri la Soche pa nyumba za ku Chilobwe, ku Blantyre, kumene abale athu ambiri amakhala. Ife sitifunika kuuzidwa zambiri pa nkhaniyi. Tinaona ndi maso athu zimene phiri la Tumbine linacita mu Janeiro 1998.

Zofunsa mwana asanapereke ndalama

Tibwerere pansi pa mtengo wa mango paja. Mkangano wa pamaliro sumathera pa pepala lokha. Pa mwambo wathu wa cikamwini, amalume ndi ana a alongo amaona kuti ali ndi mau pa katundu wa malemu. Koma nyumba ya m'tauni sinamangidwe pa nthaka ya mbumba. Inamangidwa ndi anthu awiri, ndipo nthawi zambiri simenti ina inagulidwa ndi ndalama za mai wogulitsa mandasi kapena makala. Lamulo la colowa la 2019 linaika mkazi kapena mwamuna wotsala pamzere woyamba wa olandira, pamodzi ndi ana. Acibale amene amapita ku tauni kukalanda kiyi kwa wamasiye akulakwira lamulo, ndipo akulakwiranso makolo athu, amene ankasiyira nyumba mkazi ndi ana.

Sindikunena kuti ana athu asamange m'mizinda. Renda ndi dzenje losadzaza, ndipo amene wakwanitsa kuika denga lake ku Maputo, ku Nampula kapena ku Quelimane wacita camuna. Koma inu makolo, mwana akakuimbirani foni kuti wapeza malo, musathamangire kululuta. Mufunseni ngati wapita yekha ku ofesi ya município kapena ya distrito kukaona ngati malowo alibe mwini wina, ndiponso ngati sali pomwe padzadutse msewu. Mufunseni ngati waceza ndi anansi a mbali zonse zinai wogulitsa palibe, ndi kuwafunsa pamene madzi amafika mvula ikagwa masiku atatu. Mufunseni ngati wayamba kale kutsata DUAT, ndipo ngati dzina la mkazi wake lili pa pepalalo. Mumuuze ajambule mapepala onse n'kutumiza kuno, kuti akasungidwe m'bokosi limodzi ndi makadi a ubatizo.

Ndipo kamunda kake ka kuno musakagawe. Acimwene awo a agogo anga anali ndi citseko ku Halale, bambo anga anali ndi kiyi m'thumba, mlamu wanga anali ndi declaração. Mwa atatuwa, amene anapeza pogona zinthu zitavuta ndi bambo anga okha, cifukwa pobwerera anapeza amfumu ndi anansi akukumbukabe pamene malire a malo athu ankadutsa. Mwanayo alime kapena abwereketse, koma dzina lake lizimvekabe pamudzi, ndipo azibwera ndi ana ake kuti adziwe njira ya kumanda a makolo awo.